Khadi la Ubatizo la Ababa

Amayi anakhala zaka makumi anayi osalandira Ukalistia, ndipo wolakwa anali ababa. Si miseche iyi, chifukwa ndimawauza iwo omwe mpaka lero. Awiriwa anakwatirana pachinkhoswe chokha, osadalitsa ukwati kutchalitchi, ndipo kwa ife Akatolika zikatero masakramenti amaima. Anthu akamandanda kupita kutsogolo kukalandira, amayi ankatsala pabenchi n'kupinda miyendo kuti anzawo adutse. Anapinda miyendoyo mpaka ine ndinabadwa, ndinakula, ndinadalitsa ukwati wanga, n'kuyamba kuwadutsa nanenso.

Ababa sankakana. Wokana ndi wabwinoko chifukwa umadziwa pomuyambira. Iwo ankangozengereza. Tikawokera mpunga ku Likangala ankati tidikire tikolole. Tikakolola, matemba achuluka pa Chilwa, ndiye ankanyamuka pa Kachulu kukakhala miyezi m'zimbowera, timisasa tija asodzi amamanga paudzu woyandama pakati pa nyanja. Akabwerako, akatekisiti n'kuwafunsa za ukwati, ankayankha kuti munthu wa m'chimbowera alibe parishi. Mphepo ikawomba kuchokera uku umadzuka uli mu dayosizi ina, ikatembenuka uli mu inanso, nanga akalembetse kwa episkopi uti?

Chokwiyitsa n'chakuti m'dera lonse la Mwambo munalibe Mkatolika woposa ababa, pakamwa. Makwerero a Mpingo ankawadziwa kuposa mayina a zidzukulu zawo. Pansi penipeni pali mphakati, ankatero, mabanja ochepa oyandikana opemphera pamodzi pakhonde la wina. Miphakati ikasonkhana ndiye nthambi, tchalitchi chathu cha malata chomwe wansembe amafikako kamodzi pamwezi. Nthambi zimapanga parishi, maparishi amapanga dinale, madinale ndiwo dayosizi, komwe kumakhala Ambuye Episkopi. Kupitirira apo ndi ku Roma. Mmene ankafotokozera, Mulungu amangolandira zimene zadutsa m'manja monsemo, ndipo pemphero lolumpha sitepe limabwezedwa. Ankatchula maepiskopi athu onse mwandondomeko, kuyambira nthawi imene dayosizi yathu inadulidwa kuchokera ku ina yaikulu. Akatekisiti akalakwitsa mawu pa mapemphero, ababa ankatsokomola kumbuyo mpaka mawuwo akonzedwe. Anzawo achisilamu owamba nsomba pa Kachulu ankawanena, a mipingo yopempherera m'makalasi a sukulu ankawanena, ngakhale Akatolika obatizidwa atakula ankawatcha alendo.

Mphamvu zonsezi zinkachokera m'kachitini ka pansi pa bedi. Mmenemo munali khadi lawo la ubatizo, lokulungidwa m'pepala la shuga, losainidwa ndi wansembe wachizungu wa nthawi yamakedzana. Ukalistia woyamba sanalandire, chifukwa anathawa sukulu ya mishoni n'kupita kunyanja kalasi isanathe, koma zimenezo ankati n'zazing'ono. Malinga ndi khadilo anali wamkulu kwa anzawo onse a pa doko ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma ankaponda bwato mofanana nawo, mano onse ali m'kamwa. Ankati madzi a ubatizo akale anali amphamvu, osati a masiku ano otunga pamjigo.

Kenako amayi anayamba kutupa miyendo. Kuchipatala anati ndi mtima, n'kuwapatsa mapiritsi ndi kuwaletsa kulowa m'madzi a mpunga. Akayenda kuchoka pakhonde kufika pankhokwe ankaima kupuma. Akatekisiti atabwera kudzazonda anawalimbitsa mtima kuti asade nkhawa, zikadzavuta wansembe adzabwera ndi mafuta a odwala ndi Ukalistia womwe. Kapena, anawonjeza akuyang'ana pansi, njira ina ndi yakuti asiyane ndi ababa. Amayi anaseka mpaka kubanika, n'kunena kuti bamboyo anamuzolowera ngati chifuwa cha m'nyengo yozizira. Koma atasiya kuseka analankhula mawu amene sindidzawaiwala.

“Sindikufuna kudzalandira nditagona pamphasa, anthu akundilira. Ndikufuna ndikaime pamzere ndi miyendo yangayi, isanakane.”

Ababa anali pomwepo akusoka ukonde. Anauika pansi. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kachitini kaja n'kundipatsa ine kuti ndikayambe za ukwati, popeza ndine mlembi wa mphakati wathu. Udindowu ndinaupeza chifukwa cholemba zooneka bwino, osati chifukwa cha kuyera mtima.

Ndinalemba kalata yoikira umboni kuti makolo anga ndi akhristu okhazikika, atcheya a mphakati anasaina, kunthambi anadinda, ine pa njinga mpaka kuparishi. Parishi yathu ndi yatsopano, ofesi yake inkanunkhabe simenti. Bambo mfumu, wansembe wachinyamata wokonda kuseka, anakondwa kwambiri. Za amayi zinali zosavuta chifukwa kalata yawo inalipo kale. Khadi la ababa analigwira mwaulemu ngati chinthu cha ku miyuziyamu, koma anati palokha silikwanira. Pafunika kalata yatsopano yochokera m'buku la ubatizo lenilenilo, poti munthu akadalitsa ukwati amakalemba m'mbali mwa dzina lake m'bukumo, ndiye tionetsetse kuti mdalayu sanakwatirepo kwina. Ndinawauza kuti palibe mkazi wina akanawapirira. Iwo anati akukhulupirira, koma Mpingo umafuna pepala.

Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chimene ababa sanatiuzepo. Maparishi amabala. Parishi ikakula, nthambi ina imapatsidwa wansembe wakewake n'kudziimira payokha, koma mabuku akale sapita nawo. Amatsala kwa mayi. Buku la parishi yathu linkayambira tsiku limene anaitsegula, ndiye za ababa ndinayenera kukazifuna ku parishi imene inatibala.

Ndinapita Lachiwiri, ndinapeza ofesi amatsegula Lachinayi. Ndinapita Lachinayi, mlembi ali kumaliro. Ulendo wachitatu ndinamupeza, anayang'ana chaka cha pa khadi n'kupukusa mutu. Anati chaka chimenecho parishi yawoyo inali nthambi chabe, yopempherera pansi pa mtengo, ndipo ndipite kwa amene anawabala iwo. Mbiri ya dayosizi yathu ena amaiwerenga m'mabuku, ine ndinaipalasa panjinga chobwerera m'mbuyo, kuchoka kwa mwana kupita kwa mayi, kuchoka kwa mayi kupita kwa agogo. Zinanditengera masabata atatu, ndipo m'masabata amenewo amayi anasiya kuvala nsapato chifukwa sizinkalowanso. Ndikafika kunyumba madzulo ankangondiyang'ana m'manja.

Mishoni yakaleyo ili patali ndi nyanja, cha kumapiri. Pali tchalitchi cha njerwa zofiira, mitengo ya mango yokalamba, ndi manda a ansembe a ndevu amene anayamba zonsezi. Mlembi wa kumeneko anali mdala wa magalasi omangirira ndi ulusi. Anatulutsa buku lalikulu lodyedwa ndi chiswe m'mbali, lolembedwa m'Chilatini, n'kuyamba kutsitsa chala pang'onopang'ono. Analipeza dzina. Mudzi unali womwewo, mayina a agogo anga onse awiri anali omwewo, tsiku lofanana ndi la pa khadi. Ndinatsala pang'ono kululutira mu ofesi ya eni ake.

Koma chala cha mdalayo chinapitirira mpaka kumapeto kwa mzere, pamene panali kamtanda kakang'ono ndi timawu tingapo. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

“Mayi, amene mukufuna kumukwatitsayu anamwalira ali ndi zaka ziwiri.”

Ndinamuuza kuti womwalirayo m'mawa womwewo wadya milamba iwiri yekha. Iye anati sakutsutsa za milamba, koma ansembe akale ankayenda wapansi kukaika maliro ndipo akabwerako ankalemba. Ndinapsa mtima. Ndinanena zambiri zokhudza bukulo, chiswe chimene chinalidya, ndi Chilatini chimene ngakhale mwini wake amachiwerenga chongopeka. Zina ndinakalapa pambuyo pake. Mdalayo anandisiya nditsirize, kenako anandilangiza mofatsa kuti ndikafunse kwawo kwa bambo angawo, ngati kudakali wamkulu. Anati ine sindine woyamba kutukwana buku limenelo.

Wamkulu analipo, azakhali anga, mchemwali wawo wa ababa. Ndinawapeza akusenda nandolo, ndipo sanasiye n'komwe kusendako. Anati inde, analipo mwana wamwamuna woyamba, anabatizidwa kumishoni n'kumwalira ali wamng'ono. Kenako banja linabwerera kaye kutsidya la nyanja, ku Mozambiki kumene makolo athu anachokera, ndipo ababa anabadwira kumeneko, kutali ndi wansembe aliyense. Atabwerera kuno, sukulu ya mishoni inkafuna khadi la ubatizo. Agogo anatenga la malemu lija n'kumupatsa wamoyoyo, pamodzi ndi dzina lomwe.

“Nanga khadi labwinobwino likanangowola m'chitini?” anatero azakhali. “Ine ndinkayesa akudziwa. Tonse tinkadziwa.”

Nkhaniyi ndinaisunga masiku awiri. Ndisaname, mbali ina ya mtima wanga inkavina. Ndinkakumbukira akatekisiti otsokomoleredwa, alendo aja obatizidwa atakula, ndi ine ndemwe amene ndinakalipiridwa chifukwa cholemba chizindikiro cha mtanda mothamanga. Mkatolika wamkulu wa ku Mwambo anali wosabatizidwa ngati bakha. Koma ndikayang'ana miyendo ya amayi kuvinako kunkatha, chifukwa sindinkadziwa ngati ukwati ungathekenso.

Ndinakawauzira pa Kachulu masana, pamthunzi wa bwato logadamitsa, anzawo ali patali. Poyamba anatsutsa. Anati chidindo ndi chidindo, ndipo azakhali ndi munthu wansanje kuyambira kale. Ndinawafotokozera za kamtanda kaja. Anayang'ana matemba ali pathandala, kenako anandifunsa funso limene sindinaliyembekezere.

“Ndiye zaka zanga n'zingati?”

Ndinawachotsera zisanu ndi chimodzi zija. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndiye kuti iwo ndi nkhalamba wamba ngati anzawo, palibe chodabwitsa chilichonse. Ndinawamvera chisoni kwambiri, kuposa mmene ndinkafunira.

Tinapita limodzi kwa bambo mfumu. Wansembeyo anayesetsa kuti asaseke, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha khama limenelo. Anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba, ababa alowe kalasi ya akatekumeni, aphunzire zaka zake zonse, abatizidwe pa Pasaka, kenako ukwati. Yachiwiri, Mkatolika amatha kudalitsa ukwati ndi munthu wosabatizidwa, koma chilolezo chake sapereka wansembe, amapereka Ambuye Episkopi okha. Kalata ikapita ku dayosizi yankho silichedwa. Kungoti pa pepalapo palembedwa zoona zake, ndipo polengeza ukwati kunthambi Malamulungu atatu, akatekisiti awerenga zomwe zalembedwazo.

Ababa anafunsa ngati sizingatheke kungowathira madzi mwakachetechete kuseri kwa tchalitchi, poti katekisimu yense akumudziwa kuposa aphunzitsi ake. Bambo mfumu anati zimenezo zimachitika munthu akakhala kayakaya, n'kufunsa ngati akudwala. Ababa anati atha kudwala. Wansembe sanathenso kudzigwira.

Pobwerera ababa anali atasankha kale. Anati alowa kalasi, koma ku nthambi yakutali kumene sakudziwika, azikati akupita kunyanja. Akadzabatizidwa palibe adzadziwe kuti panali vuto. Titafika kunyumba ndinawauza pamaso pa amayi kuti zaka zimene akunenazo amayi alibe, ndipo akusinthanitsa mkazi wawo ndi manyazi. Ndinali ndisanalankhulepo chonchi kwa bambo anga chibadwire. Amene anandiletsa ndi amayi. Anati ndiwasiye ababa, manyazi a mwamuna ndi katundu wolemera, ndipo amene wadikira makumi anayi sangalephere ziwiri kapena zitatu. Ananena mosadandaula, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanalira.

Lamulungu lotsatira kunali Misa kunthambi. Amayi sakanatha kuyenda, choncho ababa anawakweza pakaliyala n'kumakankha njinga. Nthawi ya Ukalistia itakwana anthu anaimirira kuti adutse, amayi n'kuyesa kupinda miyendo monga mwa masiku onse. Miyendo inakana. Anaigwira ndi manja kuti aikokere pansi pa benchi, osatheka. Anthu anaima kanthawi, ena anazungulira mbali ina, mtsikana wina anangoilumpha. Amayi ankangoti pepani, pepani, kwa aliyense. Ababa anali pambali pawo ndipo tsiku limenelo sanatsokomole ngakhale kamodzi.

Lolemba m'mawa anavala jekete n'kundiuza kuti tiyeni kuparishi. Bambo mfumu analemba kalata yopempha chilolezo, ababa anaiwerenga yonse, mawu oti wosabatizidwa anawawerenga kawiri, n'kusaina. Kenako anakana kuti kalatayo idikire galimoto la parishi. Anati aipititsa okha. Anakwera minibasi pa Kachulu mpaka ku Zomba, munthu amene moyo wake wonse ankakamba za Ambuye Episkopi ngati amadyera nawo mbale imodzi. Episkopiyo sanamuone. Kalatayo inalandiridwa ndi asisitere ena pawindo. Atabwerako tinawafunsa kuti kulikulu la dayosizi kukuoneka bwanji, iwo anati mipando yake ndi yapulasitiki ngati ya kwina kulikonse.

Chilolezo chinabwera. Tsiku lolengeza koyamba ndinali ndi mantha, chifukwa akatekisiti anali ndi mwayi wobweza zitsokomolo za zaka zambiri. Koma munthu uja ndi mkhristu weniweni. Atafika pa mawu aja anawameza, n'kuthamangira kutsogolo ngati akuwoloka pamoto. Tchalitchi sichinamve kanthu. Ababa anaimirira.

“Akatekisiti, bwerezani pamenepo. Akumbuyo sanamve.”

Akatekisiti anabwereza. Manong'onong'o anayenda benchi ndi benchi mpaka kukhomo. Ababa anakhala chiimire mpaka manong'onong'owo atatha, ndiye anakhala pansi. Ndinawafunsa pambuyo pake chifukwa chake anachita zimenezo. Anati chilengezo chosamveka si chilengezo, ukwati ungadzakhale wokayikitsa. Kaya linali lamulo, kaya chinali china, sindinafunsenso.

Pofika Lachitatu nkhani inali itafika pa Kachulu. Mnzawo wachisilamu, amene ababa anamunena kwa zaka makumi atatu, anabwera kunyumba ndi makumba owamba bwino. Anati wamva kuti achimwene alibe mpingo, ndiye wabwera kudzawauza kuti kumzikiti malo alipo, ndipo safunsa khadi. Ababa anamuthamangitsa ndi mawu, nsombazo n'kulandira.

Ukwati unachitika pa Misa ya mwezi wotsatira, popanda zambiri. Amayi anavala chitenje chatsopano, kumapazi osavala kanthu. Malonjezo anachitira chokhala, pamipando iwiri imene tinaika kutsogolo, kenako anabwerera pabenchi lawo. Wansembe atafunsa ababa ngati akulola, anayankha mokweza ngati akuitana bwato lili pakati pa nyanja.

Nthawi ya Ukalistia bambo mfumu anayamba kutsika kuti awabweretsere amayi pomwe anakhalapo. Amayi anawabweza ndi dzanja. Anagwira phewa la ababa n'kudzuka. Ndinathamanga kuti ndiwagwirizize, nanenso anandikankha. Ababa anapinda miyendo, amayi anadutsa. Kuchoka pabenchi lathu kufika kutsogolo ndi mapazi osapitirira khumi ndi asanu, koma anaima kawiri, ndipo mzere wonse unaima nawo. Kwaya inamaliza nyimbo n'kuiyambiranso. Ine ndinkalira poyera, mosasamala kuti ndine mlembi wa mphakati.

Atabwerera, ababa anapindanso miyendo. Amayi anakhala pansi n'kutseka maso, akupuma movutikira. Ababa anadikira kaye kuti ameze, popeza malamulo amawadziwa, ndiye anawaweramira. Ndinali kumbuyo kwawo ndipo ndinamva.

“Amayi, pepani ndinakuchedwetsani.”

Amayi sanatsegule maso. “Khalani chete, bambo. Ndili ndi mlendo.”

Amayi analandira kasanu, kanayi ndi miyendo yawo. Tinawaika m'manda mpunga usanache.

Ababa analowa kalasi ya akatekumeni pa nthambi yathu yomweyi, ngakhale panalibenso wowakakamiza. Amakhala kutsogolo, ndipo akatekisiti akalakwitsa amatsokomola. Abatizidwa Pasaka ikubwerayi ngati sawathamangitsa isanafike. Dzina akuti sasintha, poti mwini wake analigwiritsa ntchito zaka ziwiri zokha ndipo amene walitha ndi iwo. Khadi lija anakapereka kwa azakhali kuti alisunge, akuti ndi la achimwene awo.

Pa Misa amakhala pabenchi lomwe lija, kumapeto, malo a amayi ali pambali pawo. Anthu akamandanda amapinda miyendo, ndipo ine ndimawadutsa.